Kukapereka Moni kwa Ana Odwala pa Bwalo la Kinnick: Malangizo kwa Wopita Koyamba

Mumzinda wa Iowa City, m'chigawo cha Iowa ku America, muli nyumba ziwiri zoyang'anizana zomwe zangolekanitsidwa ndi msewu wotchedwa Hawkins Drive. Ina ndi bwalo la mpira la Kinnick, lolowa anthu oposa 69,000. Inayo ndi chipatala cha ana cha Stead Family, chomwe chinatsegulidwa mu Febuluwale 2017. Chipatalacho n'chachitali kuposa mipando ya m'bwalo, moti mwana amene wagonekedwa m'chipinda cham'mwamba akasuzumira pazenera amaona bwalo lonse lili pansi pake ngati mbale pamkeka. Tsiku lililonse limene timu ya yunivesite ya Iowa, yotchedwa Hawkeyes, ikusewera pakhomo, kotala yoyamba (gawo loyamba mwa magawo anayi a masewero) ikangotha khamu lonse limasiya za mpira, kutembenukira kuchipatala n'kuyamba kukupiza manja m'mwamba. Osewera amatero, makochi amatero, oimbira mpira ngakhalenso timu yobwera. Anawo amabweza moniwo ali kumazenera.

Malangizowa ndalembera munthu amene sanaonepo mwambowu ndi maso ake: wophunzira amene wangofika kumene ku America, kholo limene labwera kudzacheza kwa ana ake, kapena anzathu a ku South Bend ndi ku Chicago amene angathe kuliza galimoto m'bandakucha n'kukafika mpira usanayambe. Mpira wake si wamiyendo umene tinazolowera. Ndi mpira wa ku America uja wa zisoti ndi mapewa otukumuka, wooneka ngati amuna akulimbirana dzungu. Simukukakamizidwa kuumvetsa. Chimene muyenera kuchita bwino ndi mphindi imodzi yokha, koma njira zoiphonyera mphindi imeneyi n'zambiri.

Dziwani kaye chimene mukukachita

Eni ake amautchula mwambowu kuti Hawkeye Wave kapena Iowa Wave. Musausokoneze ndi funde lija la masapota oimirira mbali ina kenako mbali ina mozungulira bwalo, lomwe linatchuka pa World Cup ya ku Mexico mu 1986. Uwu ndi moni chabe, moni wa dzanja. M'Chichewa muli kavuto pamenepa, chifukwa tikaona munthu akugwedeza dzanja m'mwamba timati akubayibitsa, ndipo kubayibitsa n'kutsanzikana. Mwana wodwala khansa sabayibitsidwa. Mumtima mwanu muzikhala mukunena kuti "takuonani, mwaswera bwanji kumeneko," osati "tsalani bwino." Ngati pali chakwathu chofanana nazo ndiye kuzonda odwala, kungoti ozondawo ndi 69,000 ndipo palibe amene wanyamula phala m'fulasiki.

Ganizoli silinachokere ku ofesi ya yunivesite. Chipatala chitangotsegulidwa, mayi wina wokonda timuyi analemba pa tsamba la masapota pa Facebook kuti bwanji titamawapatsa moni anawo kotala yoyamba ikatha. Uthengawo unayenda m'mafoni kwa miyezi ingapo. Pa 2 Seputembala 2017, Iowa ikusewera ndi Wyoming, anthu anangotembenuka n'kuchita zimene anagwirizana. Iowa inapambana 24 kwa 3 tsikulo, koma zigolizo anthu anaziiwala kalekale. Chaka chomwecho chisanathe mwambowu unalandira mphotho ya Disney Sports Spirit Award, ndipo kuchokera pamenepo sunadumphepo masewero apakhomo. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utachititsa kuti mipando ikhale pafupifupi yopanda anthu, osewera ndi makochi anatembenukabe n'kupereka moni okhaokha.

Sankhani tsiku ndi mpando

Nyengo ya mpirawu ndi yaifupi. Imayamba chakumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala n'kutha kumapeto kwa Novembala, ndipo masewero apakhomo amakhala pafupifupi asanu ndi awiri pachaka. Ambiri amaseweredwa Loweruka. Iowa ili mu ligi ya mayunivesite yotchedwa Big Ten, ndipo matikiti a masewero olimbana ndi matimu ngati Wisconsin, Nebraska, Michigan kapena Penn State amatha msanga komanso amakwera mtengo. N'chimodzimodzi masewero a pachiweniweni ndi Iowa State, yunivesite ina ya m'chigawo chomwecho. Ngati mukupitira moniwo, gulani tikiti ya masewero a kumayambiriro kwa nyengo, pamene Iowa imaitana matimu ang'onoang'ono. Mtengo umatsikako, kunja kumakhala kotentha bwino, ndipo anawo amakhala pamazenera omwewo.

Matikiti masiku ano amakhala m'foni. Ikani tikitiyo m'foni musanachoke kunyumba ndipo batire likhale lodzaza, chifukwa pamalo pamene pasonkhana anthu ochuluka chotere netiweki imachita ulesi. Dziwaninso kuti ola loyambira masewero nthawi zambiri silidziwika mpaka patatsala sabata imodzi kapena ziwiri, popeza amene amalamula ndi makampani a kanema. Musalonjeze munthu kuti mukhala mutabwerako pofika madzulo.

Za mpando ndi izi. Chipatala chili kum'mawa kwa bwalo. Wokhala mbali ya kumadzulo amayang'anizana nacho masewero onse, ndipo amatha kuona mazenera akudzaza pang'onopang'ono nthawi ikamayandikira. Wokhala mbali ya kum'mawa chipatala chimakhala kumsana kwake, ndiye amayenera kutembenuka n'kukweza khosi. Konse moni umafika, koma kwa munthu wobwera koyamba ine ndimati kumadzulo. Mipando yambiri ndi mabenchi achitsulo opanda potsamira. Agogo kapena munthu wa msana muwapezere kampando kobwereka, komwe amamangirira pabenchi pomwepo.

Ulendo, zovala ndi chikwama

Bwalo la ndege lapafupi lili ku Cedar Rapids, ulendo wa theka la ola pagalimoto. Kuchokera ku Chicago ndi maola atatu ndi theka msewu ukakhala wabwino. Malo ogona mu Iowa City ndi mu Coralville amadzaza miyezi isanakwane, ndipo poimika galimoto pafupi ndi bwalo m'povuta. Eni nyumba za m'mbali mwa Melrose Avenue amabwereketsa mabwalo a nyumba zawo kuti anthu aimikepo magalimoto, ndiye tengani ndalama zapamanja pang'ono.

Valani zakuda ndi zachikasu, mitundu ya timuyi. Masiku ena amalengeza kuti aliyense avale zakuda zokhazokha, kapena kuti chigawo china cha mipando chivale zakuda china zachikasu, choncho funsani sabata yomweyo. Chimene simuyenera kuvala ndi chofiira. Nebraska, Wisconsin, Ohio State ndi Iowa State onse amavala zofiira, ndipo jekete yanu yofiira yokongola ija idzakusandutsani mdani musanatsegule pakamwa. Palibe amene angakumenyeni, koma mudzamva mawu.

Nyengo ya ku Iowa ilibe chisoni. Mu Seputembala dzuwa limatha kuswa mtengo, kutentha kupitirira madigiri 30. Mu Novembala madzi amaundana, ndipo benchi yachitsulo imayamwa kutentha konse kwa m'thupi. Juni wa ku Dedza ndi masewera poyerekeza. Valani zovala zingapo zosanjikiza, masokosi awiri, chipewa chophimba makutu ndi magolovesi. Zikwama zikuluzikulu saloleza pachipata. Amalola kachikwama ka pulasitiki koonekera mkati kapena kachikwama kakang'ono kam'manja. Amayi amene anazolowera kunyamula nyumba yonse m'handibagi auzidwe zimenezi kunyumba, asakamvere pamzere.

Fikani msanga, ndipo mumuone kapiteni wamng'ono

Maola angapo mpira usanayambe, malo onse ozungulira bwalo amasanduka msika. Anthu amatsegula kumbuyo kwa magalimoto, kuyatsa mbaula, kuwotcha nyama ndi masoseji, moŵa uli pambali. Ndi chiwaya chachikulu, tingotero. Yendani muone, mulaŵe, ndipo mukaitanidwa ndi anthu osawadziwa musakane, chifukwa anthu a ku Iowa amakonda alendo. Chenjezo ndi limodzi: chimene mwamwa panja chidzafuna kutuluka nthawi yolakwika. Pitani kuchimbudzi musanakhale pampando.

Ngati mwabwera pagulu, gwirizanani zokumana pa chiboliboli cha Nile Kinnick kumwera kwa bwalo. Ameneyu ndiye mwini dzina la bwaloli, wosewera amene anapata mphotho ya Heisman, ya wosewera woposa onse m'mayunivesite a ku America, mu 1939 n'kumwalira mu 1943 pa ngozi ya ndege ali pa maphunziro a usilikali, ali ndi zaka 24 zokha. Mawu amene analankhula polandira mphothoyo amawaulutsa m'bwalo nyimbo ya fuko isanayimbidwe.

Khalani pampando patatsala theka la ola. Chifukwa chake si gulu la malipenga ndi ng'oma lokha, ngakhale nalonso n'losangalatsa. Chifukwa chachikulu ndi mwana amene amamutcha Kid Captain, kapiteni wamng'ono wa tsikulo. Mwambo umenewu ndi wakale kuposa moni uja, unayamba mu 2009. Masewero alionse amasankha mwana mmodzi amene akulandira kapena analandirapo chithandizo pachipatalachi, ndipo pa masewero apakhomo amatuluka naye pabwalo pamodzi ndi banja lake, nkhani yake n'kuiulutsa pa kanema wamkulu. Ena anabadwa masiku asanakwane, ena anaikidwa impso kapena mtima wina, ena anapulumuka khansa kapena ngozi yapamsewu. Mvetserani dzina lake ndipo muombe m'manja mwamphamvu. Ndikuti mumvetsere chifukwa anthu 69,000 kukupiza manja kwa mazenera n'kosavuta kusanduka chizolowezi chopanda nkhope. Mukamuona mwana mmodzi pafupi, ndi chilonda chake ndi mayi ake ataima pambali, mumadziwa kuti kuseri kwa galasi lililonse kuli wina wotere.

Kapiteniyu ali ndi ntchito inanso. Zaka zoyambirira, nthawi ya moni ankaika nyimbo imodzi yokha, "Wave on Wave" ya woimba wa ku Texas Pat Green. Kuyambira mu 2022 nyimbo amasankha ndi kapiteni wamng'onoyo. Choncho musadabwe mukamva nyimbo ya m'katuni, kapena ya kutchalitchi, kapena ina yaphokoso imene inu simungaiike m'galimoto mwanu. Ndi nyimbo ya mwanayo, mwina imene ankamvera akulandira mankhwala. Akuluakulu ena anadandaula kuti nyimbo yakale ija inali yogwira mtima kwambiri. Ine ndikuona kuti anasintha bwino. Mwambo wa ana uziyendera zokonda ana.

Phunzirani kuwerenga wotchi

Apa ndi pamene alendo ambiri amagwa. Mpira wa ku America uli ndi makotala anayi a mphindi 15 iliyonse, koma wotchi yake imaimaima: mpira ukagwa pansi poponyerana, wina akagoletsa, timu ikapempha kupuma, kapena a kanema akafuna kuika malonda. Kotala ya mphindi 15 imatha kudya mphindi 40 kapena kuposa za pa wotchi ya pamkono panu, ndipo masewero onse amapitirira maola atatu. Choncho musawerengere nthawi pa foni. Yang'anani bolodi lalikulu la zigoli. Pali nambala yosonyeza kotala, ndipo pali wotchi yobwerera m'mbuyo kuchokera pa 15:00 kupita pa 0:00.

Kuti musangokhala ngati mbuzi pa msonkhano, gwirani izi zokha: timu iliyonse ili ndi anthu 11 m'bwalo, yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite patsogolo mayadi 10, kufika nawo kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6, kuumenya kudutsa pakati pa mitengo ndi mapointi 3. Zina zonse funsani woyandikana naye. Safunsa anadya phula, ndipo sapota wa Iowa akapeza munthu womufotokozera mpira amakondwa ngati wapeza mdzukulu.

Moni uja umachitika kotala yoyamba ikatha, osati pa theka la masewero. Anthu ozolowera mpira wamiyendo amadikira nthawi yopumula yapakati, n'kupezeka kuti ali pamzere wa chakudya pamene anzawo akutembenuka. Wotchi ya kotala yoyamba ikafika pa mphindi zitatu zomaliza, musachokenso pampando, ngakhale mwana akulilira chimanga chokazinga. M'mabwalo ena nthawi imeneyi ndi yothamangira kuchimbudzi. Ku Kinnick makonde amakhala pululu.

Mphindi yeniyeniyo

Wotchi ikafika pa ziro, wolengeza amapempha anthu kuti atembenukire kuchipatala, nyimbo n'kuyamba. Imirirani. Ikani pansi chimene chili m'manja. Tembenukani thupi lonse, osati khosi lokha. Kwezani dzanja pamwamba pa mutu ndipo muligwedeze kwambiri, kuchokera paphewa. Kamoni kamanyazi kapachifuwa sikaoneka kwa munthu amene ali pa nsanjika ya 12. Ngati muli ndi mwana wamng'ono, munyamuleni paphewa n'kumuuza amene akumupatsa moni.

Maso a anthu ambiri amathamangira pamwamba penipeni, ndipo m'pomveka. Pa nsanjika ya 12 pali chipinda cha magalasi ochokera pansi mpaka kudenga, chomwe anachipatsa dzina loti Press Box ngati malo a atolankhani a m'bwalo. M'menemo ndi momwe amasonkhana ana amene madokotala awalola kuchoka m'zipinda zawo, ena pa njinga za odwala, ena akukoka mtengo wa diripi, makolo ndi anamwino ali kumbuyo. Amamata zikwangwani pagalasi, ena amavala yunifomu ya timu pamwamba pa zovala za m'chipatala. Koma musathere pamenepo. Tsitsani maso pang'onopang'ono m'nsanjika zam'munsi. Mwana amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika chifukwa cha mankhwala a khansa, kapena amene wangochoka kumene ku opaleshoni, saloledwa kusakanikirana ndi anzake. Amakhala m'chipinda chake, mwina ndi mayi ake okha, ndipo nthawi zina chimene mungaone ndi dzanja la munthu wamkulu likugwedezera mwana amene sangathe kudzuka. Zenera lokhala ndi munthu mmodzi ndi limene likufunika dzanja lanu kwambiri. Sankhani limodzi lotere ndipo mukhale nalo.

Musafulumire kutsitsa mkono. Mphindi imodzi ndi yaitali dzanja lili m'mwamba, ndipo phewa limayamba kudandaula pa theka. Sinthani dzanja, koma pitirizani mpaka nyimbo itazilala ndipo osewera atabwerera m'malo awo. Mukhale ndi kanthawi koyang'ananso pansi pabwalo. Anyamata amene mphindi yapitayo amagundana ngati nkhosa zamphongo amakhala ataima mbali imodzi, ena zisoti zili m'manja, pamodzi ndi oimbira a malaya amizeremizere. Makochi amene amawerengera sekondi iliyonse amalola kuti nthawi yokonza mapulani ipite. Kwa ine chimenechi ndicho chodabwitsa kuposa khamu, poganizira ndalama ndi ntchito za anthu zimene zimadalira zotsatira za masewerowa.

Misozi ikabwera isiyeni. Mudzaona azibambo a ndevu akupukuta m'maso ndi golovesi, ndipo palibe amene amayang'ana mnzake. Ena mwa anthu amene mwakhala nawo benchi imodzi anakhalapo kuseri kwa magalasi aja, ndipo si onse amene anatuluka ndi mwana wawo. Woyandikana nanu akatonthola kwambiri musamufunse mafunso. Koma musachitenso nkhope ya pamaliro. Anawo sakufuna kumveredwa chisoni, akufuna kusangalala ndi mpira ngati wina aliyense. Mwetulirani, vinani pang'ono ngati nyimbo ikulola.

Chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho n'kukuwa mawu onyoza timu yobwera kapena oimbira pa mphindi imeneyi, ngakhale atakhala kuti angolakwitsa kumene. Sungani ukaliwo, makotala atatu akubwera.

Masewero ausiku

Mdima ukagwa dzanja silioneka. Pa 23 Seputembala 2017, pamene Penn State inabwera kudzasewera usiku, anthu anayatsa matochi a m'mafoni n'kumawagwedeza, bwalo lonse n'kukhala ngati dambo lodzaza ziphaniphani. Iowa inaluza 21 kwa 19 pa sekondi yomaliza usiku umenewo, koma matochiwo anakhazikika. Ngati tikiti yanu ndi yausiku, kapena ndi ya madzulo a mu Novembala pamene dzuwa limalowa msanga, phunzirani kuyatsa tochi ya foni yanu musanafike, ndipo kumbukirani kuti kuzizira kumadya batire. Foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi thupi. Anawo nawonso amayankha ndi timagetsi tawo, ndipo usiku ndi pamene mumaona bwino kuchuluka kwa zipinda zomwe muli anthu.

Za zithunzi

Masana, foni ikhale m'thumba. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kujambula kuti akumudzi aone, koma dzanja limene lagwira foni silikupereka moni, ndipo munthu amene watembenuzira msana kuchipatala kuti adzijambule nkhope yake mazenera ali kumbuyo wasandutsa ana odwala kukhala katani wa pa situdiyo. Makanema a mwambowu ali mbwee pa YouTube, ojambulidwa ndi makamera abwino kuposa anu. Ngati simungathe kupirira, mupatse mmodzi pagulu lanu ntchito yojambula masekondi ochepa, ajambule khamu, osakokera pafupi nkhope za ana. Mabanja amene akufuna kuti nkhani zawo zidziwike amazipereka okha kudzera kuchipatala. Enawo angobwera pazenera kudzaonera mpira.

Mpira ukatha, musalowere kuchipatala

Kwathu munthu ukamva kuti mwana wa mnzako wagonekedwa umanyamula nthochi ndi botolo la Sobo n'kukalowa mu wodi nthawi yoona odwala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kumeneku sizitero. Nsanjika ya 12 ndi ya odwala ndi mabanja awo, ndipo mlendo wopanda m'bale m'katimo sadutsa pa tebulo la alonda. Si nkhanza. Chimfine chimene inu simukuchimva n'komwe chingathe kugoneka mwana wa khansa ku chipinda cha odwala mwakayakaya.

Njira zothandizira zilipo, ndipo ndi bwino kusankhapo imodzi, chifukwa tinene zoona: moni sulipira bilu, ndipo ku America bilu ya chipatala imatha kugwetsa banja. Chophweka kwambiri ndi ndalama, kudzera pa tsamba la chipatalacho. Musapereke kwa munthu wongoyenda ndi chidebe panja pa bwalo musanatsimikize kuti watumidwa ndi ndani. Ngati mukufuna kupereka zidole kapena mabuku, yang'anani kaye mndandanda wa zimene akufuna, ndipo zikhale zatsopano zosatsegula. Chidole cha mwana wanu, ngakhale mutachichapa bwanji, sachilandira. Pamsewu womwewo wa Hawkins Drive pali nyumba ya Ronald McDonald House, momwe mumagona mabanja ochokera kutali amene ana awo agonekedwa kwa nthawi yaitali, ndipo magulu a anthu odzipereka amakaphikako chakudya. Aliyense amene anakhalapo gadiyani, kugona pansi pa bedi ndi kuphika pa mafuwa kuseri kwa wodi, adziwa kufunika kwa nyumba yotere.

Ophunzira a pa yunivesiteyi ali ndi njira yawo, Dance Marathon, momwe amasonkhanitsa ndalama chaka chonse n'kumaliza ndi maola 24 osakhala pansi komanso osagona, zonse zothandiza ana a khansa ndi mabanja awo. Ngati ndinu wophunzira watsopano amene mukusowa anzanu, lembetsani kumeneko. Za kupereka magazi, pachipatala chachikulu cha yunivesite pali malo otchedwa DeGowin Blood Center, koma imbani kaye foni musanapite. Malamulo a ku America akhala akunena kuti munthu amene wakhala m'dziko la malungo, kapena amene anadwalapo malungo, adikire zaka zitatu asanapereke magazi, ndipo ulendo wobwerera kumudzi ungathe kusintha kawerengedwe kake. Ambiri a ife lamuloli limatikhudza, ndiye ndi bwino kumva pafoni kusiyana n'kubwezedwa pakhomo.

Anthu ena apereka zambiri. Kirk Ferentz, amene wakhala kochi wamkulu wa timuyi kuyambira mu 1999, iye ndi mkazi wake Mary anapereka madola 1 miliyoni mu 2017 kuti athandize kafukufuku wa ana obadwa masiku asanakwane, atataya mdzukulu wawo amene anabadwa motero. Mu Seputembala 2019 mnyamata wina, sapota wa Iowa State yomwe ndi mdani wamkulu wa Hawkeyes, anaimika chikwangwani pa pologalamu ya College GameDay ya kanema wa zamasewero wa ESPN mumzinda wa Ames, kwawo kwa Iowa State, chopempha ndalama zogulira moŵa mwanthabwala. Ndalama zitayamba kulowa mopitirira muyeso analengeza kuti zipita kuchipatala cha ana, makampani ena analonjeza kuwonjezerapo, ndipo mwezi usanathe zinakwana madola pafupifupi 3 miliyoni. Pa 15 Okutobala 2023 anayala bwalo la basketball m'kati mwa Kinnick, timu ya atsikana ya Iowa, momwe munali katswiri wotchuka Caitlin Clark, n'kusewera ndi yunivesite ya DePaul pamaso pa anthu 55,646. Phindu la tsikulo linapita kuchipatala, ndipo kotala yoyamba itatha nawonso anatembenuka n'kukweza manja.

Ngati mwapita ku bwalo lina, kapena mukuonera pa kanema

Si yunivesite iliyonse imene ili ndi chipatala chosuzumira m'bwalo, choncho ena amachita mwanjira yawo. Ku Nebraska mu Epulo 2013, pa masewero okonzekera a timu yokhayokha, anaveka yunifomu mwana wa zaka 7 wodwala khansa ya mu ubongo, kumupatsa mpira, ndipo anathamanga mayadi 69 mpaka kukagoletsa, timu yonse ikumuperekeza. Matimu ambiri amaitana ana otere kudzaima nawo m'mbali mwa bwalo kapena kudzaponya ndalama yosankhira mbali. Mukafika pa bwalo lachilendo, funsani woyandikana naye ngati pali chimene amachitira ana odwala ndi nthawi yake, kuti musapezeke muli pamzere wa masoseji.

Oonera ali kutali awerengere nthawi motere. Kuyambira Seputembala mpaka Lamlungu loyamba la Novembala, Lilongwe, Lusaka, Harare ndi Johannesburg ali patsogolo pa Iowa ndi maola 7. Ikadutsa pamenepo, mawotchi a ku America amabwerera m'mbuyo ndi ola limodzi ndipo kusiyana kumakhala maola 8. Masewero oyamba 11 koloko m'mawa ku Iowa City mu Seputembala ndiye kuti kwathu ndi 6 koloko madzulo, ndipo moni ufika chapakati pa 6:30 ndi 7. Oyamba 2:30 masana ndi 9:30 usiku. Ausiku aja a matochi amagwa cha m'ma 2 koloko m'bandakucha wa Lamlungu, choncho tcherani alamu, ndipo wotchi ya kotala yoyamba ikamayandikira ziro musapite kukateleka tiyi.